Gwape Amene Sanamve Fungo la a Delbert

Alamu anga a Delbert Kowalke atapuma ntchito ku fakitale ya mapepala, tonse tinkayesa ayamba kuweta njuchi kapena kugona masana ngati anzawo. Koma iwo anali ndi mlandu ndi gwape wina wamphongo wa ku dambo la mikungudza, kuseri kwa munda wa malemu bambo anga. Gwapeyo anali wonenepa ngati thole, nyanga zake zotambalala moti munthu akhoza kukhalapo, ndipo pakhosi anali ndi banga loyera ngati kolala ya wansembe. Chifukwa cha bangalo a Delbert anamupatsa dzina loti Bishopu.

Mlanduwo unayamba chaka cham'mbuyo. Tsiku lina lozizira, Bishopu anafika pafupi ndi mtengo umene a Delbert anamangamo nsanja yawo, n'kuima, n'kukweza mphuno, n'kufwenthera kamodzi kokha, basi mchira m'mwamba, ulendo. Alamu anga anali asanagwire n'komwe uta. Anafika kunyumba milomo ili bii, zala zitauma ngati nkhuni, akudandaula zinthu ziwiri: kuti gwape uja anamva fungo lawo, ndiponso kuti ngakhale akanapanda kulimva, zalazo sizikanatha kukoka nsinga. Nyengo yonse yotentha, pa maukwati ndi pootcha nyama pomwe, nkhani yawo inali yomweyo. Mlenje wa uta ali ndi adani awiri okha, ankatero, fungo ndi chisanu, ndipo onsewo amagonja ndi zovala.

Mlongo wanga Marlys, mkazi wawo, poyamba anasangalala. Anandiuza kuti bambo amene sankadziwa pamene pamakhala sopo m'nyumba mwake tsopano akuwerenga za kuchapa mpaka kuiwala chakudya. Chimwemwecho sichinakhalitse. Tsiku lina mu Seputembala anabwera kokagula zinthu n'kupeza mabotolo ake onse a sopo wonunkhira ali panja pafupi ndi bini, mwamuna wake atalowetsa mutu m'makina ochapira, akuwakwecha ndi soda. A Delbert anamufotokozera modekha kuti makinawo ayenera kuyamba achapidwa okha, chifukwa muli fungo la maluwa la zaka zambiri, ndipo akayera musadzalowenso chovala cha munthu wamba. Marlys atafunsa kuti munthu wambayo ndi ndani, anamuyankha kuti aliyense amene sakusaka Bishopu.

Kuyambira pamenepo Marlys ankabwera kwathu Lolemba lililonse ndi dengu la zochapa. Mkazi wanga Jolene ankamulandira ndi manja awiri, chifukwa m'dengumo munkabweranso nkhani.

Zovala zosakira zinali mulu ndithu. Panali malaya ndi buluku zamkati zaubweya wa nkhosa, juzi yopyapyala, juzi yokhuthala, kajekete kopanda manja kokhala ndi mawaya otenthetsa ndi batire, ovolosi yolemera ngati bulangeti, kenako chijekete chapamwamba cha mawanga a makungwa ndi masamba. Akachapa ankakayanika kumalire a munda, kutali ndi utsi wa m'nyumba, ndipo ankazigwira atavala magolovesi a labala ngati dokotala. Zikauma ankazipinda n'kuziika mumgolo, pamodzi ndi masamba ouma, dothi la kudambo ndi nthambi za mkungudza, kuti zizinunkha tchire. Mgolowo unkakhala m'shedi, ndipo galu wa pakhomo, amene anakulira m'shedimo, anauzidwa kuti apeze kwina. Mnansi wawo wina atayatsa makala kuti aotche masoseji, a Delbert anapita kukamupempha mwaulemu kuti ulendo wina aziyamba waona kumene mphepo ikulowera.

Atathana ndi zovala anatembenukira kwa munthu wovala. Anyezi ndi adyo zinatuluka m'nyumba. Khofi anasiya, n'kumamwa madzi otentha okhaokha, nkhope ili ngati ya munthu amene akulapa. Nsomba zokazinga za Lachisanu ku bala ya a Elroy, zimene sanaziphonyepo ngakhale chaka chimene anathyoka mwendo, anazitsanzika. Ku tchalitchi ankaima pakhomo, kunja kwenikweni, chifukwa amayi a kwaya amadzola mafuta onunkhira. Abusa atawafunsa ngati pali chimene chikuwavuta mumtima, iwo anati mumtima muli bwino, vuto ndi mpando wachitatu kumanzere. Mapeto ake anazindikira kuti mafuta amene Marlys amadzola m'manja amatsalira pa pilo, ndipo anasamutsa matiresi awo kupita ku galaja.

"Ndine wamasiye mwamuna ali moyo," anatero Marlys Lolemba lina, akusankha masokosi pa tebulo lathu. "Bola akanandisiya chifukwa cha mkazi wina, ndikanadziwa wokamutukwana."

Koma chimene chinawasowetsa mtendere kwenikweni ndi magolovesi. Aliyense wosaka ndi uta m'nyengo yachisanu amalidziwa vutoli. Ukavala golovesi yokhuthala, dzanja limafunda koma nsinga suimva. Ukavala yopyapyala, nsinga umaimva bwinobwino kwa kanthawi, kenako sumvanso kanthu kalikonse. Enafe timangolowetsa manja m'matumba n'kumapemphera. A Delbert anati zimenezo ndi zaulesi. Anatenga sizasi n'kuyamba kudula zala zitatu zokokera nsinga pa golovesi yakumanja, ina kudula pang'ono, ina kwambiri, ina kungoboola kunsonga, kufuna kupeza muyezo weniweni. Magolovesi awo atatha anayamba a m'nyumba. Pofika Okotobala, kwa a Kowalke kunali magolovesi akumanzere okwanira kuveka gulu lonse la ozimitsa moto, koma yakumanja yathunthu kunalibe ndi imodzi yomwe.

Marlys anazindikira zimenezi pa tsiku la maliro a mayi Hildegard, amene anatiphunzitsa tonse ku Sande sukulu. Ine ndi amene ndinkayendetsa galimoto. Titayandikira kumanda, anatulutsa m'chikwama magolovesi ake akuda achikopa, amene amavala pa maliro pokha. Anavala yakumanzere, kenako yakumanja, ndipo zala zitatu zinatulukira kunja ngati tiana ta mbewa. Anaziyang'ana kwa nthawi. A Delbert, amene anakhala kumbuyo mutu uli pawindo chifukwa cha fungo la galimoto yanga, anafotokoza kuti chikopa chimenecho n'chofewa bwino kwambiri, kungoti sichifunda. Marlys anapepesa anamfedwa onse ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba, ndipo anthu ena anayamba kunong'onezana kuti mwina wachita sitiroko.

Sabata yotsatira ndinapita kukabwereka makwerero, n'kuwapeza m'galaja atagwada, manja onse awiri atawapisa mu firiji yaikulu ija yosungira nyama, pakati pa chimanga chowuma ndi chisanu ndi nkhuku. Dzanja lililonse linali ndi golovesi yamtundu wake.

"Mwataya chiyani mmenemo, alamu?"

"Usandisokoneze, Norb. Lamanzere likadali moyo. Lamanja layamba kutsanzika."

"Bwanji osangodikira chisanu chenicheni? Chikubwera chaulere."

"Chikadzabwera ndiye ndidzayambe kuphunzira? Iwe vuto lako umapita kutchire ngati ukupita kwa apongozi ako. Ima uko, ukununkha anyezi."

Firijiyo inkangoyesa manja okha, choncho anapita kwa a Zastrow ogulitsa nyama kukapempha kuti akhale nawo m'chipinda chawo chozizira. A Zastrow, amene amakonda zoseketsa zaulere, anavomera. Alamu anga anavala zina mwa zovala zija, chophimba kumaso chomwe, n'kukhala pa ndowa pakati pa ng'ombe zopachikidwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Mayi wina amene anabwera kudzagula chiwindi anasuzumira pa kawindo ka chitseko, n'kuona ng'ombe imodzi ikuphethira. Sanagulenso chiwindicho. A Delbert anatuluka ali okondwa kuti thupi silinazizidwe, koma atafika kunyumba n'kununkhiza mkono wa jekete, anapeza kuti akununkha butchala yense. Zonse zinabwerera m'makina, kenako pachingwe, kenako mumgolo, ndipo anati zimafunika masabata angapo kuti fungo la tchire lilowerere.

Mmenemo Novembala anali atafika, mwezi umene agwape amphongo amapenga ndi akazi n'kumayenda masana ngati oledzera. Tauni yonse inali m'mitengo. Ine ndinapha kagwape kakakazi, n'kuwapatsa a Kowalke mwendo umodzi. A Delbert anathokoza, koma anati gwape wamkazi ngakhale munthu wonunkha akhoza kupha, monga mmene zaonekeramu. Bishopu, anati, ndi nkhalamba yochenjera, amatuluka masana pokhapokha chisanu chikafika pothyola mitengo, njala itamukola. Iwo akudikira tsiku limenelo.

Ndinawafunsa ngati anayesapo kukoka uta atavala zonsezo. Anandiyang'ana mondimvera chisoni. Anati uta anayamba kukoka ine ndisanamere ndevu, ndipo sangatulutse zovala mumgolo kuti azivale pabwalo pamene pamadutsa utsi wa magalimoto, n'cholinga chongosangalatsa ine.

Tsiku lija linafika pakati pa Disembala. Kunazizira moti ukapuma, tsitsi la m'mphuno linkagwirana, ndipo galimoto yanga inalira monyinyirika ngati nkhalamba imene yadzutsidwa. Ndinakawatenga titangodya chamasana. Mgolo tinaukweza kumbuyo, uta ndi mivi pambali pake. Iwo anakhala kutsogolo atafunda nsalu yoyala pabedi imene anaichapa mwapadera, mawindo onse ali otsegula, chifukwa zovala zosakira sizingalowe m'galimoto mmene mumamwedwa khofi. Pamene tinkafika pa njira yolowera kudambo, makutu anga sindinkawamvanso.

Kuvala kunachitikira pamsewu pomwepo. Anayala kamphasa ka labala pa chipale chofewa, n'kuimapo, n'kuchotsa nsalu ija. Mkati munalibe kanthu. Nthawi yomweyo kunatulukira galimoto ya Doreen wamakalata, amene amadutsa msewu umenewo masana aliwonse. Anachepetsa liwiro, n'kutsitsa windo, n'kuwayang'ana alamu anga kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Kowalke, muli ndi kalata. Ndikakusiyireni kunyumba, kapena muli ndi thumba penapake?"

A Delbert, mano akugundana, anamupempha kuti apitirire msanga chifukwa utsi wa galimoto yake ukulowa mumgolo.

Ndinawaveka ine, nditavala magolovesi a labala monga mwa lamulo. Chovala chilichonse chinkalowa movutirapo kuposa chinzake. Kajekete kamawaya tinakayatsa pa moto waukulu tisanakakwirire ndi ovolosi. Chijekete chapamwamba ndinachita kupondera bondo pamimba pawo kuti zipi ikwere. Kudzanja lamanja anavala golovesi yodula zala imene inapambana mayeso onse, pamwamba pake chigolovesi chachikulu chonga thumba, chimene anati akangokutumula dzanja chidzavuka chokha. Titamaliza, mikono yawo inali itatambasuka ngati chidole choopsezera mbalame m'munda, ndipo munthu ankangooneka maso okha. Anati sanamvepo kufunda kotere chibadwire.

Kuyenda anayenda, ngakhale kuti ankachita kuponya mwendo uliwonse chammbali. Pa makwerero a nsanja ndi pamene tinavutika. Mawondo sankapinda, ndiye ndinalowetsa phewa kunsi kwawo n'kumakankha, iwo akundiuza kuti ndisapumire pa ovolosi. Titafika pamwamba ndinawamanga lamba kumtengo, n'kukweza uta ndi chingwe, n'kuikapo muvi, n'kuupachika pa kambedza chakumanzere kwawo. Kenako ndinazungulira dambo kupita ku nsanja yanga, tsidya lina, pamene ndinkatha kuwaona bwinobwino ndi magalasi oonera patali. Ndinakhala pansi, n'kudya buledi wanga wa soseji ndi anyezi, n'kumwera khofi, n'kulowetsa manja m'matumba.

Ndiyenera kunena zoona: za Bishopu alamu anga analondola. Dzuwa litapendeka, nthambi za mkungudza zinagwedezeka, ndipo anatulukira, akuyenda pang'onopang'ono, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Ndinali ndisanamuonepo ndi maso, ndipo ndinazindikira kuti a Delbert sankakokomeza. Ankayenda pang'ono n'kuima, n'kukweza mphuno, n'kuyendanso. Mphepo inkachokera ku mtengo wa alamu anga kupita kwa iye, ndipo ndinkangodikira kuti afwenthere. Sanafwenthere. Anadza molunjika mpaka anaima chammbali pafupi kwambiri ndi mtengowo, pamalo oti ngakhale munthu woyamba kumene sangaphonye.

Ndinaona dzanja lamanzere la a Delbert likusuntha pang'onopang'ono mpaka linagwira uta n'kuuchotsa pa kambedza. Kenako lamanja linanyamuka kupita ku nsinga. Linayenda mpaka penapake, n'kuima. Pakati pa manja awiriwo panali chifuwa cha juzi, mawaya, ovolosi ndi chijekete, ndipo mikono inakana kukumana. Anabweza dzanja n'kuyesanso. Anayesa kubweretsa uta kufupi, utawo unagunda pamimba. Anayesa kupotoza thupi, lamba anawagwira. Kuonera patali zinkakhala ngati munthu akufuna kukumbatira mtengo waukulu umene palibe.

Mwina anaganiza kuti chigolovesi chija ndi chimene chikutchinga, chifukwa anakutumula dzanja. Apa napo analondola, chinavuka chokha monga anakonzera. Chinagwa n'kutera pamsana pa Bishopu. Gwape anadumpha kamodzi, n'kutembenuka, n'kuchiyang'ana chili pa chipale. Anachiyandikira khosi litatambasuka, n'kuchinunkhiza mbali zonse. Anamva masamba ouma, dothi la kwawo ndi mkungudza. Anachikankha ndi mphuno, n'kununkhizanso makwerero, kenako anazungulira kamodzi ngati galu, n'kugona patsinde pa mtengo womwewo, n'kuyamba kubzikula.

Zimene zinkachitika m'kati mwa zovala ndinazimva pambuyo pake. Kajekete kamawaya kanali pa moto waukulu, batani lake litakwiririka pamalo amene dzanja silikanafika, ndiye thukuta linkayenderera mpaka m'masokosi. Kenako batire inatha, thukuta lija linayamba kuzizira. Zala zitatu za kudzanja lamanja zinali pamtunda, ndipo thumba la jekete, ngakhale linali pafupi, dzanja silinkalifikira. Madzi otentha amene anamwa kunyumba m'malo mwa khofi nawo anayamba kufunsa njira, pamene zipi yoyandikira inali kuseri kwa zipi zina. Uta unali udakali m'dzanja lamanzere, chifukwa kuubwezera pa kambedza kukanachita phokoso. Anakhala choncho, mikono ili tambasu, akuyang'ana pansi pakati pa nsapato zawo pamene panali nyanga zimene anazilota chaka chathunthu. Ine tsidya lino ndinaluma kolala ya jekete kuti kuseka kusamveke, misozi ikuumira m'masaya.

Dzuwa litatsala pang'ono kubisala kuseri kwa mitengo, Bishopu anadzuka, n'kudziwongola, n'kuyamba kudutsa dambo kubwera kumene ndinali ine. Kuseka kunatha. Ndinatulutsa manja m'matumba, n'kugwira uta. Ndinayamba kale kuganiza za khoma limene ndidzapachikepo nyangazo, ndi nkhope ya alamu anga akadzabwera kudzacheza. Koma adakali patali, pamene muvi sungafike, anaima. Anakweza mphuno, n'kuyang'ana molunjika pa mtengo wanga ngati wamva mawu achipongwe. Anafwenthera mwamphamvu moti dambo lonse linayankha, ndipo chimene ndinaona chomaliza ndi mchira woyera ukulowa m'mikungudza.

Kuwatsitsa a Delbert inali ntchito ina. Miyendo inali itachita dzanzi, thukuta litaumitsa ovolosi ngati thabwa. Ndinaponya chingwe pa nthambi, n'kuwamanga m'khwapa, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono ngati thumba la chakudya cha ng'ombe, akuzungulira m'malere. Atafika pansi ndinawachotsa chophimba kumaso. Ndinkayembekezera kuti atukwana kapena alira. Anali akumwetulira, milomo itang'ambika.

"Waona, Norb? Sanandimve."

"Ndaona, alamu. Komatu simunaponye."

"Kuponya ndi nkhani ina. Wagona pansi panga ngati mwana. Ndani m'tauni muno amene gwape wamkulu chotere anamugonerapo pa mapazi? Koma iwe wakumva uli kutsidya, ndi anyezi wakoyo. Wandithamangitsira nyama yanga."

"Ikanakhala kuti sinathawe, mukanaigwira ndi chiyani? Mano?"

"Chaka chamawa ndingokulitsa m'khwapamu. Zina zonse zayenda bwino. Tsopano ndithandize zipi, msanga, usafunse iti."

Zala zitatu zija zinali zoyera ngati kandulo, ndiye ndinathamangira nawo kuchipatala, ulendo uno mawindo ali otseka. Anamwino analephera kuwavula ndipo anachita kudula mikono ya zovala ndi sizasi, chimodzichimodzi, alamu anga atatseka maso ngati akudulidwa khungu. Zala zinapulumuka, kungoti khungu linasupuka ndipo chikhadabo chimodzi chinachoka. Marlys atafika anaima pakhomo la chipindacho, n'kuyang'ana mulu wa nsanza pansi, n'kufunsa namwino ngati angamubwereke sizasiyo kuti akamalizitse zotsala kunyumba.

Lachisanu ndinapita kwa a Elroy ndi nkhani yanga nditaikonza bwino. Ndinaima pakati pa bala n'kutambasula mikono, kuonetsa mmene manja ankalepherera kukumana, ndipo anthu anaseka mpaka ena kutsamwa ndi nsomba. Koma nditafika poti gwape ananunkhiza golovesi n'kugona patsinde, kuseka kunayamba kuzilala. Amuna anayang'anana. Wina anafunsa ngati mphepo inalidi yochokera kwa a Delbert, ndinati inde. Wina anafunsa kuti anagona nthawi yaitali bwanji. Ndinayesa kuwabwezera pa nkhani ya zipi, koma palibe amene ankamvetsera. A Elroy anasiya kupukuta tambula n'kundifunsa motsitsa mawu kuti soda wake ndi wamtundu wanji.

Pofika Khirisimasi, soda anatha m'sitolo, ndipo migolo inasowa m'tauni monse. Amuna amene anakhala zaka osadziwa mbali yotsegulira makina ochapira ankakangana pa msewu za madzi ozizira ndi ofunda. Kwa a Kowalke kunkaima magalimoto madzulo aliwonse, a Delbert ali m'galaja, dzanja lili m'bandeji, akuphunzitsa. Nkhani yoti sanaponye muvi inkatchulidwa mongodutsa, ngati mmene munthu amatchulira kuti pa ukwati panagwa kamvula. A Elroy anayamba kudandaula kuti nsomba za Lachisanu zikutsala. Abusa anaona kuti amuna oima pakhomo la tchalitchi achuluka, ndipo analalikira za anthu a mitima iwiri, koma sizinathandize.

Amayi ndi amene anapsa mtima, ndipo mkwiyo wawo unagwera Marlys. Ankamuimitsa m'sitolo kumuonetsa magolovesi odulidwa zala. Mkazi wa a Zastrow anati iye wakhala akudya nyama yopanda anyezi kwa sabata ziwiri m'nyumba ya wogulitsa nyama. Mapeto ake anakumana onse m'chipinda chapansi cha tchalitchi, akuti kukonza za chakudya cha chaka chatsopano. Jolene anapita nawo. Atabwera ndinamufunsa kuti agwirizana zophika chiyani, anangoti zambiri, n'kumaimba nyimbo akuvula nsapato.

Zotsatira zake ndinazimva kwa Marlys mwiniwake. Akudya chamadzulo, anangotchula ngati nkhani wamba kuti anacheza pa foni ndi msuweni wathu wa ku Minnesota, amene mwamuna wake amapha agwape akuluakulu chaka ndi chaka. Kumeneko, anati, anthu anazindikira kale kuti kuchapa zovala zokha n'kungotaya nthawi, chifukwa fungo la nyumba limalowa pakhungu: mafuta a mu uvuni, fumbi la pa kapeti, makatani, ndi bafa makamaka. A Delbert anaika foloko pansi. Kenako anati iwonso akhala akuzikayikira zimenezo, chifukwa Bishopu asanagone ananunkhiza makwerero kawiri. M'mawa mwake anatsitsa makatani. Sabata isanathe nzeru ya ku Minnesota inali itafika pa khomo lililonse, ndipo aliyense anaimva kwa msuweni wa mkazi wake.

Nyengo yosaka itatsekedwa mu Januwale ndinapita kukabweza makwerero amene ndinabwereka aja. Ndinapeza nyumba ikuwala ngati chipatala. Alamu anga anali atagwada m'khitchini, theka la thupi lili mu uvuni, akukwecha ndi dzanja lamanzere. Anandiuza ali momwemo kuti ayambanso kuphunzira kusoka, chifukwa palibe telala amene amamvetsa za m'khwapa mwa mlenje. Marlys anali pa sofa, miyendo ili pa kampando, akuwerenga magazini. Ndinakhala pambali pake n'kumukumbutsa monong'ona kuti msuweni wathu wa ku Minnesota ndi wosakwatiwa, ndipo sadya n'komwe nyama.

"Iwe Norb," anatero osachotsa maso pa magazini, "wapukuta mapazi polowa?"

Madzulo ake kunyumba, tikudya, Jolene anati wamva kuti mawindo nawonso amasunga fungo, makamaka a chipinda chapamwamba amene sanatsukidwe chiyambire chisanu. Ananena akuyang'ana m'mbale yake. Ndinkadziwa bwinobwino kumene nzeruyo yachokera, ndi chipinda chimene inaphikidwira. Komabe gwape uja ndinamuona ndi maso angawa atagona pansi pa a Delbert, ndipo ndinamuonanso akundifwenthera ine ndili kutsidya. Loweruka m'mawa ndinatenga ndowa ndi nsanza, n'kuyambira windo la kumpoto.